Ng'ombe Yoyamba M'khola: Tigule Mtundu Uti?

Mawu amene mphunzitsi analankhula kwa ophunzira achikulire ku Angónia



Lero sitiyamba ndi zilembo. Sabata yatha, titaweruka, bambo wina wa m'kalasi muno anandiimitsa panjira. Anati: "Aphunzitsi, chaka chino kachewere wandiyanja. Ndalama ndasunga. Ndifuna kuyamba khola la ng'ombe za nyama, zoti ndizigulitsa. Kodi ndigule za mtundu wanji?" Ine ndinati nkhani yotere si yokambira choimirira. Ndalama zimene munthu wazipeza ndi thukuta la zaka zitatu zingathe kufera m'khola usiku umodzi. Tsono ndabwera nayo kuno kuti tiikambe tonse.

Ine ndine mwana kwa inu. Ena mwa inu munayamba kuweta ng'ombe ine ndisanabadwe. Zimene ndinene ndazitenga kwa alangizi a ziweto, m'mabuku, ndi m'khola la amalume anga m'mene ndinakulira ndikupirikitsana ndi ng'ombe kudambo. Ndikaphonya mundikonze. Komabe tikudziwa kuti oyamba kumene ndi ambiri pakati pathu. Nkhondo imene inatha mu 1992 inapululutsa makola ambiri kuno. Anthu atathawira ku Malawi, ng'ombe zina zinabedwa, zina zinadyedwa, zina zinafera kuthengo. Ana obadwa pambuyo pake anakula osaona khola pakhomo, ndipo nzeru zina za makolo zinapita pamodzi ndi ng'ombezo.

Ndiyambe ndi zimene zinachitika kwathu.

Amalume anga anali ndi ng'ombe zisanu ndi ziwiri, zonse zathu zomwezi za linunda. Chaka china, titakolola, kunabwera munthu wamalonda ndi nkhunzi yochokera kutali. Inali yofiira, yoyera kumaso, yotakata msana ngati chitseko. Amalume anaikonda. Anagulitsa ng'ombe zitatu kuti agule imodziyo. Mudzi wonse unabwera kudzaiona, ndipo ine ndinkayenda monyada poitsogolera kumadzi.

Pofika mwezi wa Okutobala nthiti zake zinayamba kuwerengeka. Zinzake zinkatola timasamba touma, kubudula zitsamba, n'kubwera madzulo mimba ili tototo. Iyo inkangoima pamthunzi, kudikira chakudya chimene ife tinalibe. Tinaigulira madeya. Mvula itagwa inayamba kubwerera m'thupi, ndipo tinati basi tapulumuka. Koma mu Febuluwale tinaona kuti yatupa m'munsi mwa khutu. Thupi linatentha, inasiya kudya, inayamba kupuma movutika. Tsiku lomaliza m'mphuno munkatuluka thovu. Ng'ombe zinzake, za khola lomwelo, zodya m'dambo lomwelo, sizinadwale n'komwe.

Nkhunzi ija inafa, koma inatisiyira mlandu wina. Inali itakwera msoti wathu wamng'ono. Nthawi yobereka itakwana, thole linakula kuposa njira yake. Tinachezera usiku wonse ndi nyali. Thole linatuluka lakufa, ndipo mayi wake anatha zaka ziwiri osatenganso bere. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amalume sakonda kuti nkhaniyi izikambidwa, koma anandilola kuti ndikuuzeni.

Kodi nkhunzi ija inali yoipa? Iai. Kwawo inali ng'ombe yabwino. Cholakwa chinali chathu. Tinayang'ana ng'ombe, osayang'ana malo amene tikaisunge.

Choncho musanafunse kuti mtundu wabwino ndi uti, pitani kubusa kwanu. Musapite mu Januwale, pamene msipu uli wobiriwira ndipo aliyense amadziona ngati mwini ng'ombe makumi awiri. Pitani mu Okutobala. Imani pamenepo, muyang'ane. Udzu umene mukuuona tsiku limenelo, pamodzi ndi mapesi ndi masangwi a mtedza amene munasunga, ndiwo muyeso wa ng'ombe imene mungathe kuweta. Kuno ku Angónia minda yachuluka, anthu tachuluka, madambo ambiri asanduka madimba. Malo odyetsera akuchepa chaka ndi chaka. Zimenezi mukuzidziwa kuposa ine.

Mukachoka kubusa, gwirani ng'ombe ya mnansi wanu, muyang'ane m'khutu mwake nthawi ya dzinja. Mupezamo nkhupakupa zofiirira. Zimenezo ndizo zimanyamula chigodola, matenda amene anapha nkhunzi ya amalume. Dziko lathu lino ndi lokwera, lozizira, la mvula yambiri, ndipo nkhupakupa imeneyi imalikonda. Ng'ombe zobadwira kuno zimalumidwa zikadali matole. Ena mwa matolewo amafa, tisabise. Koma amene apulumuka, thupi lawo limaphunzira kulimbana ndi matendawa. Ng'ombe yobwera itakula kale, kuchokera kumene kulibe chigodola, thupi lake silidziwa kanthu. Ikalumidwa ndi nkhupakupa ya matenda, kawirikawiri simatha mwezi.

Tsopano tiyeni tione mitundu. Ndilemba maina pabolodi, inu mukopere m'makope mwanu.

M'dziko lathu la Mozambique muli mitundu itatu ya ng'ombe zamakolo. Woyamba ndi wathu uno. M'mabuku a boma amaulemba kuti Angone. Dzinali likuchokera kwa Angoni, amene anawoloka Zambezi cha m'ma 1835, ena mwa iwo n'kudzakhazikika kuno kufupi ndi phiri la Domwe. Ndi ng'ombe ya linunda loonekera bwino, ya nyanga zazifupi, ya thupi laling'ono. Abale ake ali tsidya la malire ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndiponso kum'mawa kwa Zambia cha ku Chipata. Ku Ulónguè kuli malo a boma ofufuza za ziweto, kumene mtundu umenewu akhala akuusunga ndi kuuyesa.

Wachiwiri amautcha Bovino de Tete, ndiye kuti ng'ombe ya ku Tete. Umapezeka kuchigwa, kumadera otentha ndi ouma monga Changara ndi Mágoè. Nyanga zake ndi zazikulupo, linunda lake ndi locheperapo. Imapirira dzuwa ndi ludzu. Wachitatu ndi Landim, wa kum'mwera, ku Gaza, Inhambane ndi Maputo. Ndi mbale wa ng'ombe za Nguni za ku South Africa, wa mawangamawanga okongola, wodziwika ndi kubereka bwino. Mitundu iwiriyi ndi ya dziko lathu ndithu. Koma chenjerani. Kukhala ya dziko lathu sikutanthauza kuti ndi ya dambo lathu. Landim yochokera ku Gaza ikafika kuno ndi mlendo, ndipo chigodola sichiona mbendera. Chimodzimodzinso ng'ombe yathu ya kumapiri ikatsikira kumalo a kashembe, imavutika. Abale athu okhala kumene kashembe ndi wochuluka ayambe afunsa alangizi asanagule ng'ombe ya mtundu uliwonse, pakuti pa mitundu yonse imene nditchule lero palibe umene kashembe amauopa.

Kenaka pali mitundu yochokera kunja, imene amalonda amaitamanda. Brahman mwina munaiona: yotuwa kapena yofiira, makutu ogwa, chikopa cholendewera pakhosi, linunda lalikulu. Inapangidwa ku America kuchokera ku ng'ombe za ku India. Imapirira kutentha, ndipo nkhupakupa siziikakamira kwambiri monga zichitira ndi ng'ombe za ku Ulaya. Koma ndi yaikulu, imadya kwambiri, ndipo ikapanda kuzolowera anthu ikadali yaing'ono imakhala yolusa. Kamnyamata ka zaka khumi sikangaibweze ikalowa m'munda wa eni. Bonsmara ndi yofiira, ya ku South Africa. Anaipanga katswiri wina dzina lake Jan Bonsma, kuyambira cha m'ma 1937, posakaniza Afrikaner ndi mitundu iwiri ya ku England, Hereford ndi Shorthorn. Hereford ndiyo yofiira yoyera kumaso, ndipo ndikhulupirira kuti nkhunzi ya amalume inali ndi magazi amenewo. Palinso Simmental ya ku Switzerland, dziko la chisanu choopsa.

Ng'ombe zimenezi zimakula msanga, zimapereka nyama yambiri. Zimenezo ndi zoona. Koma zimachita zimenezo pafamu ya mpanda wa waya, ya udzu wobzala, ya madzi a mpope, ya mankhwala osasowa. Mukagula ng'ombe yotere mwagula theka la chinthu. Theka linalo ndi famu ija, ndipo wamalonda sabwera nayo.

Tiyeni tiwerengere pamodzi, pakuti masamu tinaphunzira kuti atithandize pa zinthu ngati izi.

Mkota wa mtundu wathu umalemera makilogalamu ngati 250, wina kufika 300. Mkota wa mitundu ikuluikulu ija umafika 500, wina kupitirira. Ng'ombe imadya molingana ndi thupi lake. Pa makilogalamu 100 alionse a thupi, imafuna makilogalamu awiri ndi theka a udzu wouma pa tsiku. Tsono ya 250 idya angati? Inde mayi, apitirira pang'ono 6. Nanga ya 500? Apitirira pang'ono 12. Madzinso chimodzimodzi: yaikulu imamwa ochuluka, ndipo mu Okutobala madziwo mudzatunga ndinu kapena ana anu.

Ndiye kuti udzu wodyetsa ng'ombe imodzi yaikulu ungadyetse ziwiri zathu. Onani tsono. Mikota iwiri ingakupatseni matole awiri. Umodzi ukafa, khola silinatsekedwe. Mwana akadwala, kapena pakagwa maliro, mugulitsa imodzi, ina itsala. Koma mwini ng'ombe imodzi yaikulu adzatani? Ng'ombe sagulitsa mwendo umodzi. Ndiponso taganizani za msika wathu. Ng'ombe ikaphedwa, nyama yogulitsa imakhala ngati theka la kulemera kwake. Wopha nyama pamsika wa kumudzi alibe chozizritsira. Amafuna ng'ombe yoti ithe tsiku lomwelo kapena mawa lake. Ng'ombe yaing'ono yonona amaigula mosavuta.

Nchifukwa chake yankho langa kwa bambo aja ndi ili: yambani ndi ng'ombe zathu za kuno, zobadwira m'dera lanu lomwelo. Gulani misoti iwiri kapena itatu. Nkhunzi musagule. Nkhunzi imodzi imakwanira zazikazi 25 kapena 30, tsono kuisungira misoti iwiri ndi kudyetsa mlendo wosagwira ntchito. Panganani ndi anzanu a m'mudzi amene ali nayo yabwino.

Ndaona agogo akupukusa mutu kumbuyoko. Ndikudziwa chimene mufuna kunena. Mukuti ng'ombe zathu n'zazing'ono, zimachedwa kukula, mfule umatha zaka zinayi kapena zisanu usanafike pogulitsa. Mukunena zoona, ndipo sindikutsutsani. Koma ndifunse: kodi kuchepa konseku ndi kwa mtundu? Kwina ndi kwa mtundu, inde. Kwina ndi kwa njala. Thole limene limalimbirana mkaka ndi banja lonse, n'kudzakhala miyezi itatu ya chilimwe likudya fumbi, silingakule ngakhale likhale la mtundu wanji. Limanenepa dzinja, n'kuonda chilimwe, n'kunenepanso, ngati munthu wokwera phiri amene akatsogola mapazi atatu abwerera awiri.

Kwinanso ndi kwa manja athu. Tikafuna ndalama timagulitsa iti? Yaikulu, yokongola, chifukwa ndiyo ya mtengo. Tikafuna yokoka ngolo timafula iti? Yamphamvu. Imatsala ndi iti yoti izikwera zazikazi? Kaja konyentchera kamene palibe anakafuna. Tikatero zaka makumi awiri, tisadabwe kuti ng'ombe za m'mudzi zikucheperachepera. Pamwamba pa izo, nkhunzi imodzi imakhala m'khola mpaka kukwera ana ake ndi adzukulu ake. Magazi akamazungulira pamodzimodzi chotero, matole amabadwa ofooka. Zimenezi tingazikonze popanda kugula ng'ombe ya kunja. Thole lamphongo lokula bwino kuposa onse, la mayi wobereka kawirikawiri, ndilo lisiyidwe. Enawo afulidwe akadali aang'ono. Nkhunzi ikatha zaka zitatu pamalo amodzi, isinthanitsidwe ndi ya mudzi wina.

Nanga kusakaniza mitundu? Sindikuletsa. Thole la mayi wathu ndi bambo wa Brahman limakula msanga kuposa lathu, ndipo limatengako kupirira kwa mayi wake. Alimi ena apindula nazo. Koma imeneyo ndi sitepe yachiwiri, si yoyamba. Muyambe mwaona zilimwe ziwiri kapena zitatu ng'ombe zanu zikutuluka zili ndi mnofu. Muyambe mwazolowera kusambitsa ng'ombe kudibi kapena kuzipopera mankhwala pa nthawi yake, osadumphitsa. Ndipo mukadzayesa, perekani mkota umene unaberekapo kawiri kapena katatu, osati msoti. Kumbukirani usiku wathu wa nyali uja. Chinanso: ana a kusakaniza koyamba ndiwo abwino. Mukapitiriza kuthira magazi akunja, m'badwo ndi m'badwo, mudzapezeka kuti mwabwerera ku ng'ombe yofuna famu ya waya.

Tsopano tinene kuti mwasankha mtundu wathu. Ntchito sinathe, pakuti mumtundu umodzi muli ng'ombe zabwino ndi zachabe. Pano ndichedwepo pang'ono, chifukwa ambiri amapusitsidwa pomwepa.

Gulani kwa munthu amene mukumudziwa, pakhola pake, osati pamsewu. Pitani m'mawa ng'ombe zisanatuluke. Pemphani kuti akuonetseni mayi wa msoti umene mukufunawo. Funsani kuti mayiyo wabereka kangati, pa zaka zingati, ndipo matole ake angati ali moyo. Bere la ng'ombe ndi miyezi isanu ndi inayi ndi masiku pang'ono. Mkota wabwino, wodya bwino, ungabereke chaka chilichonse kapena kupitirira pang'ono. Umene umabereka kamodzi pa zaka zitatu ukudya udzu wanu pachabe, ndipo kawirikawiri mwana wake amatengera. Kwa woweta ng'ombe za nyama, phindu lili pa kuchuluka kwa matole amene akula. Kukongola kwa chikopa sikulowa pa sikelo.

Msinkhu wa ng'ombe musaumvere kwa wogulitsa. Tsekulani pakamwa. Ng'ombe ilibe mano akutsogolo m'mwamba, ili nawo m'munsi mokha, asanu ndi atatu. Ikadali yaing'ono manowo ndi ang'onoang'ono, a mkaka. Ikafika zaka ziwiri kapena kupitirira pang'ono, awiri apakati amaguluka, n'kumera awiri otakata. Kenaka ena awiri, kenaka ena awiri, mpaka onse asanu ndi atatu atakwanira cha pa zaka zinayi kapena zisanu. Msoti wa mano otakata awiri kapena anayi ndiwo wabwino kuyamba nawo, chifukwa uli pafupi kutenga bere ndipo moyo wake wonse wobereka uli kutsogolo. Mukaona mano onse ndi otakata, operepeseka, otalikirana, dziwani kuti akukugulitsani nkhalamba, ngakhale aitche msoti.

Iyendetseni muone miyendo. Ng'ombe yathu imayenda mtunda kufuna chakudya, tsono yotsimphina kapena ya ziboda zopotoka idzatsalira m'mbuyo n'kumadya zotsala. Onani maso ngati ali owala, mphuno ngati ili yonyowa bwino, ubweya ngati uli wosalala. Papasani m'munsi mwa khutu ndi kutsogolo kwa phewa ngati mulibe chotupa. Onani mawere ngati alipo anayi olingana. Onaninso mtima wake. Ng'ombe imene ikuthawa mwini wake kapena kufuna kumugunda, isiyeni, pakuti odzaiweta tsiku ndi tsiku ndi ana anu.

Nyengo yogulira nayo ili ndi nzeru yake. Ine ndimakonda kuona ng'ombe kumapeto kwa chilimwe. Nthawi imeneyo palibe chobisika. Imene ili ndi mnofu mu Okutobala, pamene zinzake zaonda, yakuuzani yokha kuti malo ano imawatha. Mtengonso nthawi imeneyo umakhala wofewerapo, chifukwa anthu akufuna ndalama za mbewu ndi feteleza. Koma gulani nthawi imeneyo pokhapokha ngati mapesi munasunga, kuti mlendo asafikire pa njala.

Ngati ng'ombe ichokera ku boma lina, pamafunika kalata ya a zaziweto yoloza kuti iyende. Musaione ngati chipsinjo chabe. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi amayenda ndi ng'ombe zozembetsedwa usiku, ndipo akalowa m'dera misika ya ng'ombe imatsekedwa, tonse n'kuvutika. Kalata imakutetezaninso kuti musagule ng'ombe yakuba. Pogula pakhale mboni, ndi amfumu adziwe. Tsopano poti ambiri mwayamba kulemba, lembani pa pepala tsiku, mtengo, maonekedwe a ng'ombe ndi maina a mboni, ndipo wogulitsa asaine kapena adinde chala. Mukafika nayo kwanu, isungeni payokha masabata atatu kapena anayi isanasakanikirane ndi za anzanu.

Ndipo khola limangidwe ng'ombe isanabwere, pamalo okwera, kuti dzinja isagone m'matope ofika m'maondo. Matole akhale ndi kakhola kawo kofolera. Manyowa a m'kholamo ndiwo malipiro anu oyamba, zaka zisanakwane zogulitsa mfule woyamba, ndipo kachewere uja adzakuthokozani.

M'kope lanu siyani masamba anayi akumapeto. Ng'ombe iliyonse ikhale ndi tsamba lake. Pamwamba dzina lake. M'munsi tsiku limene yakweredwa, tsiku limene yabereka, tsiku limene yasamba mankhwala, tsiku limene yadwala. Pakatha zaka zitatu tsambalo lidzakuuzani yoti musunge ndi yoti mugulitse.

Loweruka m'mawa tikumane pakhola la agogo amene anapukusa mutu aja, pakuti avomera kutilandira. Tikatsekula pakamwa pa ng'ombe zinayi, aliyense awerenge mano ndi kulemba zaka zake payekha, kenaka agogo adzatiuza ngati talondola. Amayi, inunso mubwere, musati ng'ombe ndi za abambo okha. Bwerani ndi makope, mapensulo, ndi chingwe cholimba chimodzi.